Mafunso Anu pa Zoimba: Moyo ndi Maphunziro a Samuel Coleridge-Taylor

M'magazini ya mwezi watha, pamene ndinkayankha funso lokhudza kaphunzitsidwe ka solofa m'makwaya a m'matchalitchi, ndinatchulapo mongodutsa dzina la Samuel Coleridge-Taylor, wopeka nyimbo wa ku Britain amene bambo ake anali a kuno ku Africa, ndipo ndinanena kuti anafika pokhala pulofesa wa zoimba mumzinda wa London zaka zoposa 100 zapitazo. Mawu ochepawo abweretsa makalata angapo, ambiri mwa iwo ochokera kunyanja, m'maboma a Nkhotakota ndi Salima. Ndasankhapo anayi, ndipo ndawafupikitsa pang'ono kuti malo akwane.

FUNSO: Bambo, ine ndine mphunzitsi wa kwaya ya ana pa tchalitchi china kuno ku Linga. M'kwayamo muli mnyamata wa zaka 11 amene wandisowetsa tulo. Akamva nyimbo kamodzi kokha pa wailesi, mawa lake amabwera atagawa kale mawu onse anayi, ndipo amauza anzake a aluto pamene akuphonya ine ndisanamve n'komwe. Anadzipangira yekha banjo ya chigubu cha mafuta ophikira ndi waya wa mabuleki a njinga. Bambo ake ndi msodzi, ndipo akuti zoimba sizidyetsa munthu, bola mwanayo azolowere bwato ndi ukonde. Kodi munthu munamutchula uja anali ndani, ndipo anaphunzira bwanji? Sanali mwana wa anthu olemera?
Mphunzitsi wa kwaya, Linga, Nkhotakota

YANKHO: Zikomo aphunzitsi. Ndiyankha motalikirapo, chifukwa mbiri ya munthu ameneyu ikafupikitsidwa imamveka ngati ya mwana amene anangobadwa ndi nyimbo m'mutu n'kudzikwerera yekha, pamene zoona zake n'zakuti anadutsa m'manja mwa anthu ambiri, ndipo mmodzi mwa ofunika kwambiri anali mphunzitsi wa kwaya ngati inuyo.

Samuel Coleridge-Taylor anabadwa pa 15 Ogasiti 1875 m'dera la Holborn ku London. Bambo ake, Daniel Peter Hughes Taylor, anali a ku Freetown m'dziko la Sierra Leone, ndipo anapita ku England kukaphunzira udokotala. Atamaliza maphunzirowo anabwerera kwawo mwanayo asanabadwe, kotero kuti Samuel anakula osawadziwa, ndipo iwo anakamwalirira ku Gambia mu 1904. Amene anamulera ndi mayi ake, Alice Martin, mzungu wa ku England, mothandizana ndi akuchikazi, m'tauni ya Croydon kummwera kwa London. Nyumba yawo inali m'mbali mwa njanji. Agogo ake aamuna, Benjamin Holmans, anali osula zitsulo zokhoma ku ziboda za akavalo, ndipo bambo amene anadzakwatira mayi ake pambuyo pake, George Evans, ankagwira ntchito ya kunjanji. Sanali anthu osowa pogwira, komanso sanali olemera ngakhale pang'ono. Anali anthu odya thukuta lawo, monga alili msodzi wanuyo.

Agogo akewo ndi amene anayamba kumugwiritsa vayolini ali wamng'ono, ndipo zitaoneka kuti mwanayo akugwira msanga, anayamba kuphunzira kwa woimba wina wa m'tauni momwemo, Joseph Beckwith, amene anakhala naye zaka zingapo. Kwa amene simunaionepo pafupi, vayolini ndi m'bale wake wa kaligo wathu, pakuti zonse zimalira pokhwekhwereza uta pachingwe, kungoti kaligo ali ndi chingwe chimodzi pamene vayolini ili ndi zinayi. Chida chimenechi chilibe timipanda tosonyeza poika chala monga tili pagitala, choncho woimbayo amafufuza liwu lililonse ndi khutu lake, ndipo chala chikaphonya pang'ono chabe liwu limatuluka lopotoka. Mwana wokula ndi chida chotere amakhala ndi khutu lakuthwa. Ndikamva za banjo ya chigubu imene mnyamata wanu amaichuna yekha, ndikuona kuti nayenso wayamba kale kunola khutu mwa njira yomweyo.

Kenako kunabwera kwaya. Ali pa sukulu ya ana a anthu wamba ku Croydon, mawu ake anafika m'makutu mwa Herbert Walters, amene anthu ankamutchula kuti Colonel Walters, yemwe ankatsogolera mongodzipereka kwaya ya tchalitchi cha St George's cha mpingo wa Presbyterian. Walters anamulowetsa m'kwayamo, n'kumamupatsa mbali zoimba yekha, ndipo pambuyo pake mnyamatayo anakaimbanso pansi pa Walters yemweyo m'tchalitchi cha Anglican cha St Mary Magdalene ku Addiscombe. M'kwaya ndi mmene anazolowera kuimba akuwerenga manotsi papepala Lamulungu lililonse, n'kumamva ali m'kati mmene mawu anayi amalumikizirana. Walters sanalekere pomwepo. Mu 1890, mnyamatayo ali ndi zaka 15, iye pamodzi ndi achibale anayesetsa mpaka anamulowetsa pa Royal College of Music, koleji ya zoimba imene inali itatsegulidwa mu 1883 ndipo mkulu wake anali George Grove.

Analowa ngati wophunzira vayolini, koma mtima wake unali pa kulemba. Mu 1891, ali ndi zaka 16, kampani yosindikiza nyimbo ya Novello inasindikiza nyimbo yake ya kwaya yotchedwa In Thee, O Lord, ndipo onani kuti chinthu choyamba chimene anatulutsa chinali cha kwaya ya m'tchalitchi, kumene anakulira. Mu 1892 anayamba kuphunzira kupeka nyimbo pansi pa Charles Villiers Stanford, ndipo mu 1893 anapambana mwayi wophunzira osalipira. Anatuluka pakolejipo mu 1897. Zaka zisanu ndi ziwiri zathunthu, kuwonjezera pa zaka zonse za vayolini ndi kwaya.

Anthu ambiri amadabwa kuti munthu wobadwa ndi luso angaphunzirenso chiyani kwa nthawi yaitali chonchi. Choyamba amaphunzira kalumikizidwe ka mawu oimbidwa nthawi imodzi, kuti adziwe chifukwa chimene mawu ena akakumana amakhazika mtima pansi pamene ena amachititsa womvera kudikira chotsatira. M'makwaya athu ambiri aluto amangotsatira sopulano pansi pake, ikakwera nawo akwera, ikatsika nawo atsika, ndipo zimamveka bwino ndithu, koma wophunzira amaphunzitsidwa kuyendetsa mzere uliwonse paokha, wina ukukwera wina ukutsika, wina wayamba mochedwa, onse n'kumagwirizanabe. Akatero amaphunzira kumanga nyimbo yaitali ya mphindi 30 kapena 40 yopanda mawu a pakamwa, imene siitopetsa chifukwa kamutu kake kamabwerera mosinthasintha. Amaphunziranso kugawa nyimbo ku zida za gulu lalikulu la okesitira, ndipo pamenepo ayenera kudziwa kuti chitoliro chimafika pati pokwera, lipenga limatopa liti, ndiponso kuti ndi zida ziti zimene zikalira pamodzi chimodzi chimamiza chinzake. Zonsezi amazilemba papepala asanazimve ndi khutu.

Stanford, yemwe anabadwira ku Dublin mu 1852 ndipo analinso pulofesa pa yunivesite ya Cambridge, anali mphunzitsi wosanyengerera, koma m'manja mwake munatuluka akatswiri monga Ralph Vaughan Williams, Gustav Holst ndi John Ireland. Nthawi ina ananena kuti pambuyo pa nyimbo imene Johannes Brahms wa ku Germany analembera chitoliro cha clarinet ndi zida zinayi za zingwe, palibe angalembe ina ya mtundu umenewo osamveka ngati Brahms. Coleridge-Taylor anapita kukalemba yake mu 1895, ndipo Stanford ataiona anavomereza kuti mnyamatayo wakwanitsa, mpaka anaitenga kukaionetsa kwa katswiri wa vayolini Joseph Joachim ku Berlin. Chimene ndimakonda pa nkhaniyi n'chakuti mphunzitsi sanachite manyazi kugonja kwa wophunzira wake wa zaka 20, ndipo anamunyamulira yekha ntchito yake kukaionetsa kwa anthu akuluakulu.

Chaka cha 1898 ndicho chinamutchukitsa. Okonza chikondwerero cha Three Choirs Festival, chimene chimachitika mosinthana m'matchalitchi akuluakulu a ku Gloucester, Hereford ndi Worcester, anapempha wopeka nyimbo wina wa ku England, Edward Elgar, kuti awalembere nyimbo, koma iye pokhala wotanganidwa anawauza kuti apemphe Coleridge-Taylor, ndipo nyimbo yake ya Ballade in A minor inaimbidwa ku Gloucester mu Seputembala. Pa 11 Novembala chaka chomwecho, pakoleji pake paja, Stanford anatsogolera kuimba koyamba kwa Hiawatha's Wedding Feast, nyimbo yaitali ya kwaya ndi okesitira yochokera m'ndakatulo ya Henry Wadsworth Longfellow. Mwini wake anali ndi zaka 23, ndipo pasanapite nthawi makwaya a m'dziko lonse la Britain anali akuiimba.

Tsopano za mnyamata wanu. Chinthu chachikulu chimene mungamupatse, chimenenso sichifuna ndalama, ndi kuwerenga ndi kulemba nyimbo. Muyambe ndi solofa imene mukuidziwa kale, ndipo musangomuuza kuti aziimba zimene mwalemba, koma iye azilemba yekha mawu anayi amene amagawa m'mutu aja, inu n'kumakonza. Ndikukumbukira tsiku lina ndikuphunzitsa pa tchalitchi china cha kumudzi kufupi ndi Chia, pomwe bolodi lathu linali chitseko chakale chopakidwa makala. Ndinalembapo kanyimbo kamene anawo anali asanakamvepo, ndipo mtsikana wina anakaimba kuchokera pabolodipo mpaka kumapeto, kenako anakhala chete n'kundifunsa kuti, "Ndiye kuti nyimbo imatha kusungika popanda woiimba?" Mwana akafika pozindikira zimenezo amakhala kuti walowa sukulu ya zoimba, ngakhale ali pansi pa mtengo wa mango. Akakhwima m'solofa, mupezereni woimba kiyibodi kapena limba amene amawerenga manotsi a pamizere isanu, chifukwa amenewo ndi amene amagwiritsidwa ntchito m'makoleji ndi m'mabandi a polisi ndi asilikali.

Kwa bambo ake pitani mwaulemu, ndipo musakawalonjeze chuma, chifukwa nkhawa yawo ndi yoona ndipo mudzaona m'yankho lomaliza kuti ngakhale Coleridge-Taylor sanalemere. Mukawapemphe zinthu zimene angathe kuvomera, monga kuti mwanayo asasiye sukulu ndiponso kuti azimulola kubwera kukwaya masiku awiri pasabata. Sukulu ndi imene ingamufikitse ku University of Malawi ku Zomba, kumene kuli maphunziro a zoimba, kapena ku Music Crossroads ku Lilongwe.

FUNSO: Bambo, ine ndikuphunzira zauphunzitsi ndipo ndimakonda phunziro la luso ndi zoimba. Kodi n'zoona kuti munthu wakuda ankaphunzitsa azungu pa koleji ku London nthawi imene kuno atsamunda anali atangofika kumene? Ankamulandira bwanji?
Wophunzira zauphunzitsi, Chipoka, Salima

YANKHO: N'zoona, chemwali. Mu 1903 anasankhidwa kukhala pulofesa wa kapekedwe ka nyimbo pa Trinity College of Music, ndipo mu 1910 analandira udindo ngati womwewo pa Guildhall School of Music, makoleji onsewa ali ku London. Koma ndibwino kumvetsa kuti m'makoleji a zoimba a kumeneko dzina lakuti pulofesa linkaperekedwa kwa mphunzitsi wodziwa bwino ntchito yake amene ankabwera kudzaphunzitsa masiku oikika, ndipo silinkatanthauza malipiro aakulu monga tingaganizire tikamva dzinali lero. N'chifukwa chake ankagwira ntchito zambiri nthawi imodzi. Ankaphunzitsanso pa sukulu ya zoimba ya ku Croydon, kuyambira 1904 ankatsogolera gulu la Handel Society la ku London, ndipo ankayenda pasitima kupita kumadera akutali, makamaka ku Wales, kukaweruza mipikisano ya makwaya.

Za kumulandira, kunali kuwiri. M'maholo oimbira ankamuwombera m'manja ataimirira, koma mumsewu ankakumana ndi mawu achipongwe chifukwa cha khungu lake. Pamene ankafuna kukwatira Jessie Walmisley, amene anaphunzira naye pa Royal College of Music, abale a mkaziyo anakana chifukwa chomwecho, ngakhale ukwatiwo unachitikabe mu Disembala 1899. Anabereka ana awiri, Hiawatha mu 1900 ndi Gwendolyn mu 1903, ndipo wamkaziyu, amene anadzadziwika ndi dzina lakuti Avril, anakhalanso wopeka nyimbo ndi wotsogolera okesitira. Ulemu waukulu anaupeza kwa anthu akuda a ku America, amene anakhazikitsa kwaya yaikulu ku Washington n'kuitcha dzina lake. Anapitako katatu, mu 1904, 1906 ndi 1910, ndipo pa ulendo woyamba analandiridwa ndi Pulezidenti Theodore Roosevelt ku White House.

FUNSO: Mwana wanga, ine ndine wachikulire ndipo ndakhala ndikuimba ng'oma za chioda ndi mganda kuyambira ndili mnyamata. Chimene ndaona n'chakuti ana athu akaphunzira zoimba za kusukulu amayamba kunyoza zakwathu, amati ng'oma n'zachikale. Kodi munthu mukumutamandayu sanangosanduka mzungu wa khungu lakuda? Za ku Africa kwa bambo ake anachita nazo chiyani?
Woimba ng'oma, Dwangwa, Nkhotakota

YANKHO: Agogo, funso lanu ndi lolemera ndipo sindilizemba. Coleridge-Taylor anabadwira ku England, analeredwa ndi azungu, ndipo sanapondepo m'dziko lililonse la mu Africa moyo wake wonse. Palibe amene anamuimbira nyimbo ya pamtondo kapena ya m'bwato ali mwana. Akanafuna, akanatha kukhala chete pa za mtundu wa bambo ake, koma iye anachita kuzifunafuna ali wamkulu. Atakumana ku London ndi wolemba ndakatulo wakuda wa ku America, Paul Laurence Dunbar, anaika nyimbo pa ndakatulo zake n'kuzitcha African Romances mu 1897. Chaka chotsatira analemba African Suite, ndipo mu 1901 analemba nyimbo yolemekeza Toussaint L'Ouverture, mtsogoleri wa akapolo amene anadzimasula ku Haiti. Mu Julayi 1900 anali mmodzi mwa amene anasonkhana ku London pa msonkhano woyamba wa Pan-African, wokambirana za ufulu wa anthu akuda, pamodzi ndi mtsogoleri wa anthu akuda a ku America, W. E. B. Du Bois, chaka chomwe kuno John Chilembwe anabwerera kuchokera ku America n'kuyamba mishoni yake ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu.

Ntchito imene ikuyankha funso lanu mwachindunji ndi ya mu 1905, yotchedwa Twenty-Four Negro Melodies, momwe anatenga nyimbo 24 za anthu akuda n'kuzikonza kuti ziziimbidwa pa piyano. Zambiri zinali za akapolo a ku America, koma zingapo zinali za kuno ku Africa, kuphatikizapo za Aronga a kummwera kwa Mozambique, zimene m'mishonale wa ku Switzerland, Henri Junod, anazilemba m'buku atazimva kwa eni ake. M'mawu oyamba a ntchito yakeyo Coleridge-Taylor ananena kuti akuyesa kuchitira nyimbo zimenezi chimene Brahms anachitira nyimbo za anthu a ku Hungary, Dvořák za ku Bohemia ndi Grieg za ku Norway, kutanthauza kuti nyimbo za kumudzi za anthu akuda n'zoyenera ulemu womwewo m'maholo akuluakulu. Pa nthawi imene azungu ambiri ankati nyimbo zathu ndi phokoso chabe, kunena zimenezi kunafunika kulimba mtima.

Komabe ndikugwirizana nanu pa mbali imodzi. Mukamvera nyimbo zimenezi lero, mumva kukoma kwa piyano ya ku Ulaya kwambiri kuposa Africa, ndipo chifukwa chake n'chodziwika: iye anazipeza papepala, sanazimve pabwalo. Pepala limasunga kukwera ndi kutsika kwa mawu, koma silisunga bwino mmene ng'oma zitatu zimalankhulirana pa chioda, mmene m'manja mumagwera pakati pa ng'omazo, kapena mmene wotsogolera amaponyera nyimbo ena asanamalize kuvomera. Ngakhale kachunidwe ka bangwe ndi ulimba sikagwera ndendende pa makiyi a piyano. Palinso nkhani ya chiyankhulo, pakuti m'Chichewa kukweza kapena kutsitsa liwu kumasintha tanthauzo, monga pa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika, ndipo wopeka amene sasamala zimenezi amapotoza mawu, monga timamvera m'nyimbo zina zakale za m'tchalitchi zimene anangoveka mawu athu pa maimbidwe achizungu.

Apa ndi pamene ana athu ali ndi chimene Coleridge-Taylor analibe, chifukwa iwo akukula ng'omazo zikulira kuseri kwa nyumba. Mwana amene amanyoza ng'oma atangodziwa solofa ndiye kuti waphunzira theka, ndipo mlandu wake ndi wa ife aphunzitsi amene tinamupatsa pepala ngati cholowa m'malo mwa bwalo. Ndikukupemphani, agogo, kuti mphunzitsi wa kwaya wa kwanuko akakufikani mumulandire, ndipo akachedwa mumuitane nokha, kuti ana amene akuphunzira kulemba nyimbo azikhalanso pansi n'kuphunzira kwa inu kakunge ka ng'oma pamoto ndi kagawidwe ka manja. Zimene pepala silingasunge, foni imatha kujambula, ndipo mdzukulu aliyense angathe kukuthandizani pa zimenezo.

FUNSO: Achimwene, ine ndine mnyamata woimba nyimbo zauzimu. Ndapeka nyimbo zinayi, ndipo bambo wina wa situdiyo akufuna kundipatsa ndalama nthawi imodzi, zokwanira kugula foni yabwino ndi kulipira lendi miyezi iwiri, kuti nyimbozo zikhale zake mpaka kalekale. Wandipatsa pepala loti ndisainire. Mavuto ndi ambiri pakhomo. Ndivomere?
Woimba wachinyamata, Kamuzu Road, Salima

YANKHO: Mng'ono wanga, kalata yanu sinatchule Coleridge-Taylor, koma ndaiika pano dala chifukwa zimene mukufuna kuchitazi ndi zimene iye anachita ali pa msinkhu wanu. Hiawatha's Wedding Feast, nyimbo imene inamutchukitsa ija, anaigulitsa kwa a Novello pa mtengo wa magini 15, omwe ndi mapaundi 15 ndi masheleni 15, ndipo umwini wonse unapita nawo. Anali mnyamata wosowa ndalama, ndipo panalibe amene akanadziwa kuti nyimboyo idzafika pati. Mabuku a nyimboyo anagulidwa zikwizikwi chifukwa woimba aliyense m'kwaya ankafunika lake, koma pa buku lililonse logulidwa mwini kupeka sankalandirapo kanthu. Anawonjezera zigawo zina ziwiri, The Death of Minnehaha mu 1899 ndi Hiawatha's Departure mu 1900, dzina lake linakula, koma pakhomo pankafunikabe kuti athamange ndi maphunziro, makonsati ndi mipikisano kuti banja lidye.

Kumapeto kwa Ogasiti 1912 anagwa pa siteshoni ya sitima ya West Croydon, ndipo pa 1 Seputembala anamwalira ndi chibayo ali ndi zaka 37 zokha. Amene ankamudziwa ankanena kuti thupi lake linali litafooka ndi kuchuluka kwa ntchito. Anasiya mkazi ndi ana awiri opanda chuma chodalira, moti anthu anakonza konsati yowathandiza ku Royal Albert Hall, holo yaikulu ya ku London, ndipo Mfumu George V inavomereza kuti mkaziyo azilandira mapaundi 100 pachaka. Nkhani ya banjali inatulutsa mkangano m'manyuzipepala pa za mmene opeka nyimbo amadyeredwa masuku pamutu, ndipo imatchulidwa kawirikawiri pakati pa zimene zinalimbikitsa kukhazikitsidwa kwa bungwe la Performing Right Society mu 1914, lomwe limatolera ndalama nyimbo zikaimbidwa pagulu. Chowawa n'chakuti kuyambira 1924 mpaka 1939, pafupifupi chaka chilichonse, nyimbo ya Hiawatha inkadzaza Royal Albert Hall kwa masiku angapo otsatizana, mwini wake ali m'manda ku Bandon Hill.

Inu muli ndi chitetezo chimene iye analibe. Kuno kwathu kuli bungwe la COSOMA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1992 kuti liziteteza umwini wa ntchito za luso ndi kutolera ndalama kwa mawailesi ndi ena ogwiritsa ntchito nyimbo, ndipo lamulo la umwini wa ntchito zotere linakonzedwanso mu 2016. Musiyanitse zinthu ziwiri zimene anyamata ambiri amazisokoneza. Pali nyimbo yeniyeniyo, kutanthauza mawu ndi maimbidwe amene inu munapeka, ndiye pali chojambulidwa cha mu situdiyo. Wa situdiyo ali ndi ufulu wolipidwa pa ntchito yake yojambula, ndipo mungagwirizane kuti mugawane phindu la chojambulidwacho kapena kuti achigulitse kwa zaka zowerengeka zolembedwa papepala. Koma mawu akuti mpaka kalekale akutanthauza kuti ngakhale nyimbo yanu itadzaimbidwa m'makwaya onse kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa, inu ndi ana anu simudzaonapo tambala.

Ndikudziwa kuti lendi siidikira, ndipo sindikupeputsa mavuto a pakhomo panu. Ngati ndalamazo zikufunika mwamsanga, muuzeni bamboyo kuti mungalandire zocheperapo pomulola kugwiritsa ntchito nyimbo imodzi kapena ziwiri kwa nthawi yoikika, umwini uli m'manja mwanu, ndipo mmene adzayankhire mudzadziwirapo ngati amafuna kugwira nanu ntchito kapena kungokulandani. Sabata ino lembani mawu ndi solofa ya nyimbo zonse zinayi, muikepo dzina lanu ndi tsiku, musunge zojambula zoyambirira za pafoni, ndipo pepala lakelo musasainire musanalionetse ku ofesi ya COSOMA ku Lilongwe, komwe kuchokera ku Salima ndi ulendo wopita m'mawa n'kubwerera tsiku lomwelo.